Loko wa Pachitseko cha Kuseri

Ndikakumbukira holide imeneyo, chimayamba kubwera m'maso ndi mnyamata wa ndevu zapamlomo ataima pakati pa msika, akupinda nsalu yake yoyera n'kuimanga m'chiuno kuti mawondo akhale pamtunda. Kumbuyo kwake fumbi lili koboo, nkhuku zikuuluka, ng'oma zikulira ngati kudambwe kwatuluka chilombo, ndipo kutsogolo kwake kwaima zigandanga zonyamula zikwanje. Zonsezi zinkachitikira m'kawailesi kakanema kakang'ono pabalaza pa Anti Selvi, m'fulati yapamwamba penipeni panyumba yosanja imene tinkakhala ku Govan, dera la mumzinda wa Glasgow ku Scotland. Kuti tione bwino tinkachita kukankhira pambali zovala zonyowa zimene zinali pachingwe chodutsa pakati pa balaza, madzi ake akutidonthera m'khosi. Kukhitchini timbewu takuda tinkathetheka m'mafuta, fungo la anyezi ndi tsabola n'kumalimbana ndi fungo la chinyezi limene linali litamanga nthenje m'makoma.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo panali patatha zaka ziwiri chichokereni ku Ndirande. Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, pamene bambo anatsala ku Blantyre kudikira mapepala amene mwezi uliwonse ankati atuluka mwezi wamawa. Sukulu zitatsekera amayi anasowa kondisiya, ndiye anagwirizana ndi Anti Selvi, mayi wa Chitamilu amene anathawa nkhondo ku Sri Lanka ndi mwana wawo mmodzi, Kavitha, wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi. Chingerezi cha azimayi awiriwa sichinkakumana bwino, koma mbale zinkakumana: nyemba zathu zinkakwera masitepe, mpunga wawo wachikasu n'kumatsika. Anti Selvi sankaloledwa kugwira ntchito kufikira nkhani yawo yopempha malo itagamulidwa, choncho masana onse ankakhala m'nyumba ndi katoni ya madisiki a mafilimu akwawo, amene ankakabwereka kwa anzawo ku Pollokshields atawakulunga m'pepala la pulasitiki ngati mankhwala.

Nkhani ya mafilimuwo inali pafupifupi imodzimodzi. Pamakhala munthu wina wonenepa wa mphete zala zonse amene walanda chitsime, kapena msika, kapena minda ya anthu, ndipo mudzi wonse umamugwadira. Pamakhalanso mnyamata wosauka amene amapirira, kupirira, kupirira, mpaka tsiku limene anyamata a bwana uja akankha mayi ake. Akatero basi, anthu amayamba kuuluka ngati mankhusu. Mawu omasulira pansi panalibe. Kavitha ankandimasulira m'Chingerezi cha ku Glasgow chothamanga chija, ine n'kumatola zimene ndatola, zotsalazo n'kudzaza ndekha m'Chichewa monga ankachitira anyamata omasulira mafilimu ku vidiyo kwathu ku Ndirande. Wonenepa aliyense ndinkamutcha Chimimba, ndipo akita, mnyamata wosauka uja, ndinkamupatsa mawu okhadzula amene mwina mwini wake sanawalote n'komwe. Anti Selvi sankamva ngakhale liwu limodzi, koma ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya sari, nsalu yaitali imene ankavala. Chimene chinkandidabwitsa chinali chakuti mayi ameneyu, amene pamasitepe ankayenda monyang'ama ndipo munthu akagogoda pachitseko ankauma ngati mtengo, ndewu ikayamba m'kanema ankamenya mpando ndi chibakera, kukalipira Chimimba mokweza ngati amumva. Filimu ikatha ine ndi Kavitha tinkapitiriza pamasitepe, maambulera atasanduka zikwanje, tikulimbirana kukhala akita chifukwa aliyense amadziwa kuti akita safa.

Chimimba wathu sanali wonenepa. Anali bambo wowonda, wamtali, wokhala m'fulati yapansi, amene tinamutcha a Makiyi chifukwa cha mulu wa makiyi umene unkalira palamba wawo akamayenda. Kuseri kwa nyumba yathu kunali bwalo la kapinga la anthu onse a m'nyumbamo, lokhala ndi mizati yachitsulo yomangapo zingwe zoyanikira zovala, ndipo mabini a zinyalala ankakhalanso komweko. Njira yake inali imodzi, chitseko cha kumapeto kwa kolido yapansi. Chaka chimene ife tinafika, a Makiyi anakhomerapo chitsulo n'kukolekapo loko wamkulu ngati wa pagolosale. Makiyi anagawira mabanja amene anawasankha okha, ndipo sikunali kovuta kuona kuti anasankha potengera chiyani. Ife, Anti Selvi ndi banja lina la ku Congo tinatsala manja lende. Zinyalala tinkazungulira nazo mseu wonse kukalowera kanjira ka kuseri n'kuziponya podutsitsa pampanda, ndipo zovala tinkayanika m'nyumba, m'dziko limene mvula imagwa ngati ili paganyu.

Makoma anachita chuku chakuda kuseri kwa bedi ndi m'makona a mawindo. Ine ndinayamba chifuwa chosatha, ndipo kusukulu mtsikana wina anauza kalasi yonse kuti ndimanunkha ngati thaulo loiwalika m'chikwama. Yunifomu ya amayi siinkauma, moti ankaiumitsa ndi simbi, nthunzi ili tolotolo, kenaka n'kuivala ikadali yozizira m'khwapa. Ndikawafunsa chifukwa chake sitikupempha kiyi, ankandiyankha kuti anapempha kale kawiri, ndipo ulendo wachiwiri a Makiyi anawauza kuti anthu ngati ife foni imodzi yokha ndi yokwanira kutikweza ndege. Mapepala athu anali abwinobwino, koma anali oyenera kuwonjezeredwa chaka chimenecho, ndipo mapepala a bambo anali m'manja mwa anthu a boma omwe akanalandira foniyo. “Kwa eni kulibe mkuwe,” amayi ankatero akupinda zovala zonunkha chinyezi. Azimayi a kutchalitchi nawo ankati tingopemphera, munthu wakuba bwalo Mulungu adzamuona. Ine ndinkapemphera ndithu, koma masana ndinkaonera anyamata amene sankadikira.

Tsiku lina mkati mwa holide, patatha masabata awiri mvula osakata, dzuwa linatuluka. Linatuluka lenileni, lotentha pamsana, moti azibambo a mumsewu mwathu anavula malaya mimba zili mbee. M'mawa umenewo tinali titaonera filimu ya azimayi amene ankabwezedwa pachitsime mitsuko ili yopanda kanthu, ndipo nditatsikira kwathu kukatenga ndowa ndinapeza beseni la zovala zimene amayi anachapa asanapite kuntchito, likudikira kuti ndiziyanike pachingwe cha m'bafa. Ndinasuzumira pawindo. Pabwalo paja panali malaya atatu okha a a Makiyi, akuvina pazingwe zokwana mudzi wonse. Sindikumbukira kuti ndinaganiza nthawi yaitali. Ndinasenza beseni pamutu monga kwathu, n'kuitana Kavitha. Iye anandiperekeza mpaka pokhota masitepe omaliza, pamenepo anaima, ndipo sindinamuimbe mlandu chifukwa nkhani yawo ya mapepala inali yopyapyala kuposa yathu.

Ndinagogoda pachitseko cha a Makiyi ndi phazi, poti manja anali kubeseni. Atatsegula ndinawapempha kiyi mwaulemu monga anandiphunzitsira amayi. Anandiyang'ana kuyambira kubeseni mpaka kumapazi, n'kundiuza kuti ndibwerere kumene ndachokera, ndipo sankanena za fulati yathu. Ndinapita kukaima pachitseko cha kuseri chija, msana nditatsamira loko, n'kunena kuti sindichoka. Anabwera pafupi, makiyi akulira, fungo la fodya ndi sopo wometera lili guu. Apa Chingerezi chonse chinandithawa m'kamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi mawu amene ndinali nditamupatsa akita m'mawa womwewo: “Dzuwali munagula ndinu?” Iwo sanamve, koma anamva kuti si moni. Anagwira mkombero wa beseni n'kulikankha. Ng'oma sizinalire, fumbi silinabuke, palibe amene anauluka. Zovala zinangoti khwathaa pasimenti ya m'kolido, pamene anthu ankapondapo ndi nsapato zamatope ndiponso agalu ankakodzapo, yunifomu ya amayi ili pansi penipeni. A Makiyi anabwereza za foni zija pang'onopang'ono kuti ndimve bwino, n'kulowa m'nyumba mwawo. Ine akita ndinakhala pansi n'kulira ngati mwana wa zaka zitatu.

Amayi anatipeza pomwepo akuchokera kushifiti ya m'mawa, Kavitha akundithandiza kutola. Ndinadikira khofi, chifukwa ndinali nditaswa lamulo lawo lalikulu lakuti kwa eni kulibe mkuwe. Iwo anatola yunifomu ija, anaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kundifunsa funso limodzi lokha: “Anakukhudza?” Ndinati ayi, anangokankha beseni lili pamutu panga. Iwo ananyamula beseni lija. Tinakwera, anachapanso zovala zonse ndi manja, kenaka anapukuta manja n'kukwera kwa Anti Selvi, ife ana n'kutitulutsa panja. Zimene anakambirana ndi Chingerezi chawo chosakumana chija sindinazimve mpaka lero. Ndimangodziwa kuti atatuluka, Anti Selvi maso anali ofiira, ndipo amayi anandituma kusitolo kukagula chingwe ndi mapegi mapaketi atatu.

Loweruka m'mawa dzuwa linabweranso. Tinachapa chilichonse chimene chinali m'nyumba, choyera ndi chakuda chomwe: zofunda, makatani, zitenje zonse za amayi kuphatikizapo za chigwirizano cha kutchalitchi. Kwa Anti Selvi nako madzi ankangomveka kuthamanga m'mapaipi. Kenaka amayi anamanga chitenje pamwamba pa diresi, anachikoka mfundo kawiri, n'kutsegula mawindo akutsogolo oyang'ana kumsewu. Fulati yathu inali pamwamba penipeni pa ya a Makiyi. Tinalumikiza zitenje ziwiriziwiri n'kuzitsitsa, mpaka zinaphimba windo lawo la pabalaza, madzi akuyenderera pagalasi. Kuchokera pamwamba Anti Selvi anatsitsa masari awo, nsalu zazitali zija, yofiira, yobiriwira, yachikasu ya mkombero wagolide, ina imene Kavitha anandinong'oneza kuti ndi ya paukwati ndipo sinatulukepo m'sutikesi chifikireni. Mayi wa ku Congo uja ataona sanafunse kanthu, anangotulutsa zake. Zotsala tinamanga chingwe pazitsulo za mpanda wa kutsogolo n'kuyanika pomwepo, masokosi, masiketi, matewera. Nyumba ya miyala yofiirira ija, imene inkaoneka ngati ili pamaliro chaka chonse, inasanduka ngati msika wa nsalu ku Limbe. Anthu anaima tsidya la msewu, ena akuseka, ena akujambula, ndipo dalaivala wa basi analiza hutala podutsa.

A Makiyi anatuluka nkhope ili psuu. Anakalipa kuti tanyozetsa msewu wonse, kuti kuno si kumudzi kwathu, kuti tichotse nsanza zathu msanga. Amayi anali ataima pakhomo lalikulu, beseni lili m'chiuno. Sanakweze mawu. Anawauza m'Chingerezi chawo cha ku sekondale ya mishoni, chomveka liwu lililonse, kuti zovala zimayanikidwa kuseri, ndipo akatsegula kuseri tichotsa kutsogolo. A Makiyi anatulutsa mpeni wawo wa masiku onse, nkhani ya foni ija. Apa amayi anatula beseni, anapisa m'chitenje n'kutulutsa foni yawo, n'kuwalozetsa. “Imbani,” anatero. “Ngati yanu ili kutali, nayi yanga.” Ndinaona dzanja la amayi lili nji, osagwedera. A Makiyi sanailandire, koma analowa m'nyumba n'kuimbadi yawo, ndipo pasanathe nthawi yaitali galimoto ya polisi inaima pamsewu.

Ndinayang'ana kumwamba ndipo pawindo la Anti Selvi panalibe munthu. Ndinadziwa chifukwa chake. Kavitha anali atandiuza kuti bambo ake anatengedwa ndi anthu a yunifomu kwawo, m'mawa wina ngati womwewu, ndipo sanabwerere. Ndinaganiza kuti akabisala kubafa, masari aja akokedwa msanga. Koma masari sanasunthe. M'malo mwake tinamva masilipasi akutsika masitepe pang'onopang'ono, ndipo Anti Selvi anatulukira pakhomo, mantha akuonekeratu pankhope. Anadutsa apolisi aja n'kudzaima pambali pa amayi, phewa kukhudza phewa, ndipo wapolisi wamkazi atafunsa kuti nsalu zazitalizo ndi za yani, iwo anadzimenya pachifuwa n'kunena kuti ndi zawo. M'mafilimu onse amene ndinaonera holide imeneyo sindinaonemo munthu wolimba mtima kuposa pamenepo. Apolisiwo anamvetsera mbali zonse, anakaona loko uja, n'kunena kuti iwo samanga zovala. Za chitseko anati ndi nkhani ya eni nyumba, koma monga akudziwira bwalo la kuseri ndi la onse okhala m'nyumbamo. Mapepala sanafunse munthu. Anakwera galimoto n'kumapita, a Makiyi atatsala pakhomo ngati munthu amene mfuti yamukanira.

Ine ndinkayesa kuti zathera pomwepo, tidikira eni nyumba. Amayi anandituma kukatenga mpeni wopakira batala. Anayenda nawo m'kolido mpaka pachitseko chija, ife tonse tili pambuyo, n'kuyamba kumasula misomali yopota imene inagwira chitsulo cha loko. Inali inayi, yopakidwa penti, ndipo wachitatu unavuta mpaka nsonga ya mpeni inapindika. A Makiyi anaima pakhomo pawo akunena kuti uku ndi kuthyola nyumba. Amayi osatembenuka anayankha m'Chichewa, ngati akuuza chitsekocho: “Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.” Msomali womaliza utagwa, anatenga chitsulo chija loko ali lende chikhomereni, anachiika bwinobwino pamphasa ya pakhomo pa a Makiyi pamodzi ndi misomali yonse inayi, kuti pasapezeke wonena kuti taba kanthu. Kenaka anakankha chitseko. Kapinga anali wofewa, wonyowa pang'ono kumapazi, ndipo ine ndi Kavitha tinavula nsapato n'kuthamanga kuzungulira mizati ija mpaka chizungulire. Gogo wina wachizungu wa pafulati yoyang'anana ndi yathu, amene anali ndi kiyi zaka zonsezo n'kumangotimwetulira pamasitepe, anatsika ndi thumba la mapegi kudzatithandiza kuyanika. Amayi anamuthokoza. Ine ndinatha mwezi wathunthu osamupatsa moni, ndipo amayi atandikalipira ndinawauza kuti mapegi tinali nawo kale, chimene tinalibe ndi kiyi.

Patatha masiku angapo loko anabwerera, ndi misomali yaitali kuposa yoyamba. Amayi anabwereka chomasulira kwa bambo wa ku Congo uja n'kumuchotsanso, n'kukamuika pamphasa pomwe paja. Kachitatu sanabwerere. Masabata otsala a holide tinkakhala kubwalo dzuwa likangoti lawala, kusewera fulaye ndi mpira wa masokosi, kuthawa ndi zovala mvula ikayamba, ndipo ndinaphunzitsa Kavitha phada ndi timiyala ta m'mbali mwa mpanda. Zofunda zinayamba kununkhira mphepo. Chifuwa sichinathe nthawi yomweyo, chuku nachonso sichinachoke m'makoma, koma kusukulu palibe anatchulanso za thaulo. A Makiyi sanatilankhulenso mpaka pamene tinasamuka. Ndinamva pambuyo pake kuti mizati ija ankaipaka penti chaka chilichonse chimwalirireni akazi awo, ndipo ena amati ndiwamvere chisoni. Chisoni ndimamva ndithu, koma chisoni cha munthu sichikhoma bwalo la anthu onse. Masamba atayamba kuyoyoka, Anti Selvi ndi Kavitha anasamutsidwira mzinda wina mwadzidzidzi, monga ankachitira ndi anthu odikira chigamulo. Ine ndi Kavitha tinalemberana makalata awiri, yachitatu inabwerera. Sindikudziwa ngati anapatsidwa malo.

Masiku ano anzanga akaona mafilimu amenewa amaseka, amati ndi bodza lokhalokha, munthu mmodzi sangagwetse anthu makumi awiri tsitsi osasokonekera. Zoona, ndi bodza, ndipo ine ndinaliyesa bodzalo ndi beseni pamutu n'kuona mathero ake. Koma sindiseka nawo. Ndinakula ndikuuzidwa kunyumba, kutchalitchi ndi pamsewu kuti mlendo amaweramitsa mutu, ndipo malo okhawo amene ndinkaona munthu wakhungu ngati langa akukana kuwerama anali m'kabokosi kaja, m'chinenero chimene sindinkachimva. Zibakera zinali zabodza, koma kukana kuja kunali koona, ndipo kunandikwanira kutsika masitepe.

Nditakula, bambo atabwera kale ndipo mapepala asalinso nkhani, ndinawafunsa amayi kuti mtima wopereka foni uja anautenga kuti. Anaseka, n'kundiuza kuti ndisawayese akita. Anati tsiku la beseni lija, ine nditapita kukagula chingwe, iwo anatsitsa sutikesi n'kulongedzamo mapasipoti, masatifiketi anga a kusukulu, Baibulo ndi majuzi awiri, n'kuikankhira pansi pa bedi, chifukwa ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti foni ija ikhoza kutikwezadi ndege. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji anatsikabe. Anati anaona kuti kubwerera ku Ndirande angathe kupirira, koma kulera mwana amene waphunzira kuti akamugwetsera beseni mayi ake amangotola, zimenezo sakanatha.